Akutsogolo Agona, Akumbuyo Apanikizana

Kuyambira m'caka ca 2000, pamene British Airways inaika mipando yosanduka kama m'cigawo ca anthu amalonda, makampani a ndeke akhala akupikisana posangalatsa olipira ndalama zambiri. Mu 2017 Qatar Airways inaonjezapo citseko pa mpando, kuti waulendo agone monga m'cipinda cace.

Kugona sikulakwa ai. Ulendo wocoka ku Singapore kunka ku New York utenga maola ngati 18, ndipo msana wa munthu suli citsulo.

Koma ndeke ili monga munda: wina akakuza malire, mnansi wace acepekedwa. M'ndeke za Boeing 787, zimene zinayamba nchito mu 2011, makampani ambiri aika kumbuyo mipando 9 pa mzere umodzi m'malo mwa 8. Kumeneko ndiko kukhala mwana wa mlimi wopita kukaphunzira kunja, ndi wodwala wokafuna mankhwala. Madokotala acenjeza kuti kukhala copinda miyendo maola oposa 4 kungaundanitse magazi m'mitsempha.

Cotero olemera agone ndithu, koma makampani apatsenso wakumbuyo malo otambasulira miyendo. Nayenso walipira, ndipo mwina wagulitsa ng'ombe kuti akwere.