Dzino lotupa silichira ndi makapisozi

Kwathu ku Mulanje Boma, dzino likayamba kugunda usiku timadziwa njira ziwiri. Ina ndi kuthamangira ku Chitakale kukagula Panado ndi makapisozi a amoxicillin. Ina ndi kupirira mpaka tsaya litupe, kenako n'kukalizulitsa. Ine maphunziro anga ndi a mbiri ndi zinenero, koma ndikuona kuti tinazolowera njira ziwirizi chifukwa palibe anatiuza zomwe zimachitika m'kati mwa dzino.

Pakati pa dzino pali kamnofu kofewa ka mitsempha ndi magazi, kotsika m'ngalande yopapatiza mpaka kunsonga ya muzu. Dzino likabowoka, mabakiteriya amalowa, kamnofuko kamafa n'kuvunda. Zovundazo zimatulukira kunsonga ya muzu, thupi n'kuyamba kulimbana nazo. Fupa la nsagwada limadyeka pamenepo, mafinya amadzaza. Tsono kamnofu kaja kakafa, magazi safikanso m'ngalandemo, pomwe mankhwala akumwa amayenda ndi magazi. Kapisozi akhoza kuphwetsa tsaya kwa masabata angapo, koma chisa cha mabakiteriya sachikhudza. N'chifukwa chake dzino lomwelo limabwereza, ife n'kumati mankhwala a masiku ano ndi abodza.

Chithandizo chomwe madokotala amati root canal chimalowetsa mankhwala pomwe pali vuto. Amaboola dzino, amapala ngalandeyo ndi titsulo tating'ono, n'kutsuka ndi sodium hypochlorite. Inde, ndi yemwe uja wa mu Jik, koma pa muyezo wake, musayese kunyumba. Kawirikawiri amathiramo phala la calcium hydroxide, m'bale wake wa laimu wopaka nyumba, n'kutseka kwa sabata imodzi kapena awiri. Phalali pH yake ndi pafupifupi 12.5, ndipo mabakiteriya ambiri sangakhalemo. Bernhard Hermann wa ku Germany analiyambitsa m'chaka cha 1920. Ngalande ikayera amaimata ndi gutta-percha, ndipo pakapita miyezi, X-ray imaonetsa fupa likubwerera pomwe linadyeka. Dzino limatsala m'kamwa, likutafuna mondokwa.

Mankhwala a zaka zoposa 100, otchipa, nanga bwanji mwana wa ku Mulanje sawadziwa? Chodula ndi makina ojambulira, mpando, zipangizo ndi munthu wophunzira woti akhale ndi wodwala mmodzi ola lathunthu pomwe mzere uli panja. Malawi anayamba kuphunzitsa madokotala a mano m'chaka cha 2019, ku College of Medicine yomwe tsopano ili mu KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow. Ndondomeko ya dziko ya zaumoyo wa m'kamwa inabwera mu 2022. Ophunzirawa akangothera ku Blantyre ndi Lilongwe, m'zipatala zolipira, ife a m'maboma tidzapitiriza kuzulitsa mano oti akanapulumuka. Ganizani za mtsikana wa zaka 23 wopita kukayesedwa ntchito, dzino la kutsogolo palibe, akuyankha ataphimba pakamwa.

Mano ena ndi ozula ndithu, makamaka osweka mpaka kumuzu. Ndipo kutupa kukafika kudiso kapena kukhosi, thupi likutentha, kumeza kukuvuta, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Apo maantibayotiki ndi ofunika ndipo kuchedwa kumapha. Koma musanatsegule pakamwa kuti akuzuleni, funsani ngati dzinolo lingapulumuke ndi komwe angakutumizeni. Unduna wa Zaumoyo nawo tiufunse kuti chipatala cha boma lililonse chidzayamba liti kupereka chithandizochi.