Mphika wa malaiti sucilitsa BP, koma upulumutsa nthawi

Mukatsika basi pa Kulima Tower kapena City Market n'kuloŵa m'mashopu a m'tauni, mudzaiona miphika ya malaiti ya mabatani ambili, imene ogulitsa amaicha pressure cooker. Batani la mpunga, la nyama, la kayela, la supu. Ogulitsa ena afika mpaka pouza makasitomala kuti ni mphika wa odwala shuga. Limenelo ni bodza la malonda. Mphika sucilitsa munthu. Koma pa nyumba pamene pali wodwala BP kapena shuga ungathandize maningi, ndipo cifukwa cake ni nthawi.

Ganizilani munthu wa ku Matero, Chawama kapena Chelstone amene akomboka 17 hours. Aimilile pa siteshoni, basi idzale, ikhale mu jamu, afike pa nyumba cakumadzulo kwenikweni. Ku kiliniki anamuuza kuti azidya kayela na ndiwo zamasamba, acepetse mcele na saladi. Iye anavomela. Manje kayela ya Kabulangeti pa mbaula ifuna maola aŵili olo atatu, na makala ambili. Ndani angayambe zimenezo 19 hours? Cimene cipita pa moto ni soseji, mazila okazinga, olo chips ya pa msewu. Malangizo a anesi amafela pa mbaula, osati cifukwa anthu ni osamva.

Mphika uwu umatsekela nthunzi mkati, ndiye madzi amatentha kupitilila madigili 100, kufika pafupi na 120. Kayela imene mwanyika m'madzi m'maŵa popita ku nchito ipsa mu mphindi pafupifupi 30. Nkhuku ya kumudzi, imene ambili amaiopa cifukwa ca kulimba, ifeŵa osafika ola.

Pali phindu lina limene ogulitsa sachula. Azimayi ambili amathila soda mu kayela kuti ifeŵe msanga. Soda ili na sodium, cinthu cimodzimodzi cimene cili mu mcele, cimene cimakweza BP. Mu pressure cooker soda ilibe nchito. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitilile magalamu 5 a mcele pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzala. Mu kasupuni kameneka muŵelengele mcele wa mu buledi, mu soseji, mu tumakyubu twa supu na mu kapenta, osati wa m'dzanja cabe. Kapenta youma muinyike m'madzi n'kutaya madziwo. Ndipo popeza mphika ni wotseka, fungo la anyezi, matimati na galiki silithaŵa, ndiye ndiwo zikoma olo mcele wacepa. Nyama nayo sifuna kusambila mu saladi: iphikeni, izizile, mafuta akagwilana pamwamba muwacotse na supuni.

Ife tiona kuti cinthu cacikulu ni kuleka mwambo wa mapoto aŵili, ya banja na ya wodwala. Ambuya akamapatsidwa mbale yawo yosakoma pamene adzukulu anyambita zala, sapita nazo patali. Tsiku lina mudzawapeza na mcele m'thumba la citenge. Phikani mphika umodzi wa mcele wocepa, onse adye. BP na shuga zimayenda m'banja, ndiye ana amene azoloŵela mcele wocepa lelo apindulapo kale.

Koma musanaike ndalama za cilimba pa mphika uwu, dziŵani malile ake. Nsima siphikika bwino mmenemo, ifuna mthiko na dzanja. Ndipo kwa wodwala shuga, nkhani yaikulu ili pa nsima yomweyo: kukula kwa mtanda, na ufa wake. Roller meal ili na gaga wambili kuposa breakfast, koma mitanda itatu ya roller ikwezabe shuga. Mpunga wophika na batani ni mpunga ndithu. Cibwabwa, bondwe na kalembula zipsa msanga pa poto wamba, mu pressure zimangosanduka phala. Delele ipanga thovu limene lingatseke kabowo ka nthunzi. Kayela nayo isapitilile theka la mphika.

Odwala impso asatengele za anzawo a BP. Kayela, mbatata na masamba ambili zili na potassium, imene impso zofooka zilephela kucotsa m'magazi. Iwo kaŵilikaŵili amauzidwa kuŵilitsa m'madzi ambili n'kutaya madzi, pamene mphika uwu umasunga zonse mkati. Afunse adokotala awo coyamba, ndipo asagule mcele wa "low sodium" paokha, cifukwa wambili amaupanga na potassium.

Nanga malaiti? Tonse tikumbukila 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo makomboni anakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse. Mphika wa mphindi 30 ungakwane m'kanthawi kamene malaiti abwela, ndipo udya mayuniti ocepa kuposa sitovu yoyaka maola atatu. Koma batani la timer, lija loti mphika uyambe wokha inu muli ku nchito, musalikhulupilile na nyama kapena nsomba. Malaiti akapita 10 hours, nyama ikhala mu mphika wotseka tsiku lonse na kutentha kwa October. Kumene malaiti savomela, kuli pressure cooker ya pa gasi, yopanda batani olo limodzi, imene igwila nchito imodzimodzi.

Tipempha manesi a m'makiliniki a m'makomboni kuti pa tsiku la odwala BP na shuga, asalekele pa kuŵelenga zakudya zoletsedwa. Afunsenso wodwala kuti afika pa nyumba nthawi yanji, aphikila pa ciani, ndipo amene agwila mthiko pa nyumbapo ndani. Ngati ni mwana wa sukulu kapena apongozi, ameneyo ndiye abwele naye ku kiliniki ulendo wotsatila.