Ofufuza abwerere kumudzi kudzatiuza zimene apeza

Akonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndiyankhulepo pa za kafukufuku amene madokotala amachita pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, pamene amaphunzitsirapo ana athu a sukulu ya udokotala ija inatsegulidwa mu 1991.

Kwathu kuno mayi akangomva kuti namwino akufuna kutenga magazi a mwana kachiwiri, amayamba kumanga katundu. Ati magaziwo akukagulitsidwa. Tonse tikukumbukira mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu osalakwa ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017. Ine monga mkulu wa mpingo ndimafunsidwa nkhaniyi ngakhale pa maliro.

Chonsecho phindu lake tikudya tonse. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, a Dr Terrie Taylor ndi malemu Dr Malcolm Molyneux anadzipereka kufufuza malungo aja okomola ana, amene ife tinkathamangira nawo kwa asing'anga. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana imene anakonza imatchedwa ndi dzina la Blantyre m'maiko ambiri. Mu 2015 ofufuza a pa Gulupu analengeza kuti chimene chimapha ambiri mwa anawa ndi kutupa kwa ubongo, kumene kumaimitsa kupuma. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi. Anapezeka kuti amateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo mu 2023 boma linamufikitsa m'dziko lonse. Nako kamakina ka Pumani, kothandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, kanayesedwa pomwepo.

Nanga mantha akuchokera kuti? Ine ndikuti mbali ina ofufuza akuwaweta okha. Mlongo wanga analowetsa mwana m'kafukufuku wina pa chipatala chimene sinditchula. Anamuwerengera chikalata mothamanga, anadinda chala, ankalandira ya thiransipoti. Zitatha, zii mpaka lero. Mwana ali bwino ndithu, koma mayi wake sadziwa chimene magazi aja anaonetsa. Munthu wotere mukamuuza za anamapopa akana bwanji?

Mu 2025 boma la America linadula thandizo lambiri la zaumoyo, ndipo ndalama zambiri za kafukufuku wathu zimachokera kunja. Ngati tsiku lina boma lidzafuna kuikapo msonkho wathu, adzavomera ndi anthu okhawo amene anamva zotsatira zake.

Choncho ndikupempha akuluakulu a KUHeS kuti kafukufuku aliyense akatha, atumize munthu pa bwalo la amfumu kudzafotokoza m'Chichewa, kaya zayenda kaya zakanika. Abusa ndi ansembe, apatseni mphindi khumi Lamulungu zilengezo zikatha. Ku mpingo kwathu mpando ndidzawakonzera ndine.

Mkulu wa mpingo,
Chiradzulu.