Dawkins wandilowera m'kalasi

Lachitatu lapitali belu litalira, mnyamata wina wa folomu 4 anatsalira m'kalasi. Tinali titangomaliza mutu wa chisinthiko cha zamoyo, uja ana amauopa pa mayeso a MSCE. Anadikira anzake atuluke, kenako anatulutsa foni (pasukulu pathu foni ndi zoletsedwa, koma imeneyo ndi nkhani ina) n'kundionetsa kavidiyo ka Richard Dawkins akunyogodola anthu opemphera. Atatero anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, lero mwatiphunzitsa zimenezi, Lamulungu mumaimba kwaya. Ndiye mumanama liti?"

Abale anga, funso limeneli landisowetsa tulo, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Anthu okana Mulungu alipo kuyambira kalekale. Chimene chinasintha ndi phokoso. Zigawenga zitaomba nyumba za ku New York ndi ndege pa 11 September 2001, panabuka gulu la olemba mabuku lonena kuti chipembedzo chisamapatsidwenso ulemu, chifukwa ndi matenda ofunika kuchiza. Sam Harris anayamba mu 2004 ndi The End of Faith. Mu 2006 Dawkins anatulutsa The God Delusion, Daniel Dennett naye anatulutsa lake chaka chomwecho, ndipo mu 2007 Christopher Hitchens anabwera ndi God Is Not Great. Pofika 2009 mabasi a ku London ankayenda ndi zikwangwani zouza anthu kuti mwina Mulungu kulibe. Hitchens anamwalira mu 2011, Dennett mu 2024, koma mavidiyo awo akuzungulirabe, mpaka afika pa desiki ya mwana wa kuno kwathu.

Ndisanawadzudzule ndivomere kaye kuti si zonse zimene ananama. Mu March 2000 anthu mazanamazana anapsera m'tchalitchi ku Kanungu, m'dziko la Uganda. Mu 2023 ku Shakahola, ku Kenya, anayamba kufukula mitembo, n'kupitirira 400, ya anthu amene m'busa wawo anawauza kuti asale kudya mpaka akaonane ndi Yesu. Ku South Africa mu 2016 m'busa wina ankapopera anthu Doom kumaso, ati akuwachiritsa. Kuno kwathu, pamene agogo osalakwa ankaponyedwa m'ndende powanamizira ufiti, amene anayenda m'makhoti ndi m'ndende kuwamenyera nkhondo anali a George Thindwa a Association for Secular Humanism, munthu wosapemphera. Ambirife a m'makwaya tinali chete, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Pamenepo ndimavula chipewa, ndipo manyazi amandigwira.

Koma kuchoka pamenepo n'kufika ponena kuti chipembedzo chimaononga chilichonse, monga ankanenera Hitchens, ndi ulesi wa kaganizidwe. Mwana wanga wa folomu 2 atalemba choncho ndingamuthethe ndi cholembera chofiira. Ndani anayamba kulankhula poyera nthawi ya Kamuzu, pamene tonse tinkanong'onezana m'nyumba titatseka mawindo? Anali maepiskopi a Chikatolika, ndi kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992. Anaopsezedwa, mmodzi wa iwo, Monsignor John Roche, anathamangitsidwa m'dziko muno, koma mu June 1993 tinakavota pa riferendamu. John Chilembwe amene timamukumbukira pa 15 January anali m'busa. Pitani ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Malosa, mukaone kuti chipatala chimene amayi akuchirira anamanga ndani. Kodi poizoni ndi ameneyu?

Ukawakumbutsa za Stalin, amayankha kuti iyeyo sankapha m'dzina la kusakhulupirira. Zoona? Mu 1931 boma lake linaphulitsa tchalitchi chachikulu cha Khristu Mpulumutsi ku Moscow. Mu 1967 Enver Hoxha anatseka matchalitchi ndi mizikiti yonse ku Albania. Ine sindikunena kuti munthu aliyense wosapemphera ndi Stalin, ayi. Ndikungopempha muyeso umodzi. Ngati iwo sayankha mlandu wa Hoxha, bwanji mayi anga, amene moyo wawo wonse akhala akuyendera odwala ndi amvano anzawo, aziyankha mlandu wa Osama bin Laden?

Komabe chimene chandipsetsa mtima kwambiri n'chokhudza ntchito yanga. Dawkins ndi katswiri weniweni wa sayansi ya zamoyo, ndipo pofotokoza chisinthiko ochepa angamupose. Vuto ndi loti anatenga sayansi n'kuisandutsa chibonga. Uthenga umene ana akutola m'mavidiyo ake ndi wakuti ukavomereza Darwin, Baibulo uliponye kudzala. Modabwitsa, mlaliki wa pamsika uja wokuwa ndi chimkuzamawu amanenanso zomwezo, kungoti iye amati uponye Darwin. Awiriwa amadana, koma pa mfundo imodzi amagwirizana: mwana asankhe chimodzi.

Tsono inu mukuganiza kuti mtsikana wa zaka 17 wa kumudzi, ukamuuza kuti asankhe pakati pa mpingo wa mayi ake ndi buku la Biology, asankha chiyani? Ndawaonapo ana otere. Funso la chisinthiko amangolidumpha pa mayeso, ena phunziro lonselo amalitaya mtima. Dawkins ali phee ku Oxford, ife kuno tataya namwino.

Chonsecho kusankhako n'kwabodza. Malamulo a chibadwa amene ndimaphunzitsa chaka ndi chaka anawatulukira ndi Gregor Mendel, wansembe amene ankadzala nsawawa m'munda wa nyumba ya amonke ku Brno, n'kusindikiza zotsatira zake mu 1866. Amene analemba mu 1927 kuti chilengedwe chikufutukuka, maziko a chiphunzitso cha Big Bang, anali Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, ndi Mkhristu. Zimenezi sizitsimikiza kuti Mulungu aliko, ndipo sindikuzitchula ndi cholinga chimenecho. Zikungoonetsa kuti munthu akhoza kugwira maikulosikopu Lachitatu, Lamulungu n'kugwada, osanamiza aliyense.

Chondiseketsa n'choti mu 2024 Dawkins yemweyo anauza wailesi ina ya ku London kuti ngakhale sakhulupirira, pa chikhalidwe ndi Mkhristu, ndipo nyimbo za m'tchalitchi zimamusangalatsa. Zaka zonsezi wakhala akutema mtengo, lero akufuna mthunzi wake. Mnzawo Ayaan Hirsi Ali, amene ankayenda nawo m'misonkhano, analengeza mu 2023 kuti walowa Chikhristu.

Mnyamata uja ndinamuyankha kuti sindinama tsiku lililonse mwa awiriwo, ndipo ndinamufotokozera za Mendel. Sanakhutire kwenikweni, wati Lolemba abwera ndi vidiyo ina ya Hitchens. Ndamuuza kuti foniyo aisiye kunyumba, mfundozo azilembe papepala, ndipo abwere ndi kope lake lomwe, chifukwa ntchito ya nsawawa ija sanaimalize.