Pisitoni ya Oda Siibwezedwa

Ku America ndi ku Ulaya kuli anthu amene amatha zaka akuukitsa injini zakale za galimoto zaliwiro. Imodzi mwa injini zokondedwa ndi Chevrolet 350, imene idayamba kutuluka m'chaka cha 1967 m'galimoto ya Camaro. Ntchito ikafika pa mapisitoni, ena safuna a m'sitolo. Amalembera makampani monga Wiseco wa ku Ohio kuti awasulire awoawo. Apa ndipo pamatayika ndalama, pakuti kampani imasula zokhazo zimene yalemberedwa, ndipo pisitoni ya oda siibwezedwa.

Nkhani yonse yagona pa masamu amene mwana wa Fomu 2 angathe kuwerengera. M'buku la injiniyi, kuchokera pakati pa crankshaft kukafika pamwamba pa buloko pali mainchi 9.025. M'danga limeneli muyenera kukwana zinthu zitatu: theka la ulendo wa pisitoni, mainchi 1.74; konirodi, mainchi 5.7, ndi msinkhu wa pisitoni kuchokera pa pini kufika pamutu pake, mainchi 1.56. Zonse pamodzi ndi mainchi 9, ndipo chotsala ndi 0.025, chosakwana ndi milimita imodzi yomwe.

Koma buku limanena za buloko yatsopano. Buloko imene yakhala zaka makumi asanu yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri, ndipo mwina wina adaipala pamwamba osalemba paliponse. Munthu wokopera manambala a m'buku osayeza yekha chitsulocho angathe kulandira mapisitoni okongola amene adzagunda mutu wa injini tsiku loyamba. Wolakwa si wosula ayi. Nawo masilinda adakulitsidwa kale kawirikawiri, kuchoka pa mainchi 4 kufika pa 4.030, ndipo diso silingaone zimenezo.

Palinso kusankha chitsulo. Aluminiyamu wa nambala 4032 ali ndi silikoni wambiri, motero safufuma kwambiri akatentha. Ndiye woyenera galimoto ya pamsewu. Wa nambala 2618 amapirira nkhanza za mpikisano, koma amafuna mpata wokulirapo m'silinda, ndipo injini ikakhala yozizira amagogoda ngati mlendo pakhomo. Ambiri amasankha ameneyu chifukwa cha kutchuka kwake chabe, pamene galimoto yawo siidzapondako pa bwalo la mpikisano.

Kunyada komweko kumaoneka pa kupanikiza kwa mpweya. Mtundu wa injiniyi wotchedwa LT-1 wa 1970 unkapanikiza mpweya ka 11, chifukwa petulo wa masiku amenewo anali ndi mtovu. America idaletsa petulo wotere pa misewu mu 1996, choncho mutu wa pisitoni uyenera kuumbidwa molingana ndi mafuta amene akugulitsidwa lero.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wodziwa amayamba wayeza buloko, kenaka n'kutumiza oda, n'kudikira milungu ingapo. Masilinda amawasalaza komaliza mapisitoni atafika, atayeza iliyonse payokha ndi kuilemba nambala ya silinda imene idzalowemo.