Fodya ndiye amakola msanga, koma nambala sizinena zonse

Mnyamata akapezeka ndi chamba, pamudzi pamakhala msonkhano. Akayamba ndudu, anthu amangoti wakula. Komatu kafukufuku amene James Anthony ndi anzake adatulutsa ku America mu 1994 adaonetsa zina: mwa anthu 100 alionse amene adalawapo fodya, 32 adafika polephera kumusiya. Pa heroin adali 23, pa cocaine 17, pa mowa 15, pa chamba 9.

Kuti fodya atsogole n'zosadabwitsa. Nikotini wa mu utsi amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20, ndipo wosuta amabwereza zimenezi kambirimbiri pa tsiku, akadzuka, akadya, akakwiya. Palibe wapolisi womulonda, ndipo ndudu amagula imodziimodzi pa okala. Chibaba chimamera mizu mwakachetechete.

Osuta chamba amakonda kutchula 9 ameneyu podziteteza. Asathamange. Kwa oyamba adakali achinyamata, chiwerengerocho chimakwera kufika pafupifupi mmodzi mwa 6 alionse. Komanso kukola msanga ndi kuwononga msanga n'zosiyana. Fodya amapha patapita zaka zambiri, pomwe heroin atha kuimitsa kupuma usiku umodzi wokha. Mowa nawo, ngakhale uli pa 15, umamwedwa ndi anthu ochuluka zedi, motero mabanja amene waphwasula ndi ambiri kuposa a cocaine.

Pali umboni wina umene umandichititsa kukayika kuti vuto lonse lili m'mankhwalamo. Pa nkhondo ya ku Vietnam, pafupifupi msilikali mmodzi mwa asanu a ku America adakodwa ndi heroin. Wofufuza Lee Robins atawalondola asilikali okodwawo atabwerera kwawo, adapeza kuti ochepa okha, pafupifupi 5 mwa 100, ndi amene adabwereranso mu ukapolowu m'chaka choyamba. Mankhwala adali omwewo, koma mantha a nkhondo, anzawo osuta nawo ndi kupezeka kwake motchipa zidatsala kutsidya kwa nyanja.

Choncho nambala za ku America zisatengedwe ngati muyeso wa aliyense. Msinkhu woyambira, ulova, mtengo ndi anzake a munthu zimasintha zambiri. Komabe pa funso la chomwe chimakola anthu ambiri mwa ochilawa, yankho ndi fodya, mbewu yomwe imabweretsera Malawi ndalama zakunja zochuluka. Makolo, mwana akayamba ndudu, msonkhano uja uchitike tsiku lomwelo.