PAKHONDE LATHU: Makina odya masenti 20

 

Pa Eid yapitayi tidakacheza kwa mlongo wathu ku Mangochi. Titatha kudya mpunga tidaona mwana wake wa zaka 12 atadzipatula pakona, mutu uli zyoli, zala zikuvina pa foni ya mayi ake. Tidamuyandikira ndi cholinga chomudzudzula kuti alendo sawasiya okha, koma titasuzumira pafonipo mawu adatithera. Kanthu kachikasu, kozungulira ngati chitumbuwa chonyemedwa, kankathamanga m'tinjira tokhotakhota kakumeza timadontho, mizukwa inayi ili pambuyo pake. Adali Pac-Man, mnzathu wakalekale. M'malo modzudzula tidangoti, "Tatibwereka kaye." Mwana adasowa chonena poona amalume ake, a kofiya kumutu ndi imvi m'ndevu, akupitirira pamene iye amakanika.

Ana a lero sadziwa kuti masewero amenewa asadalowe m'thumba ankakhala m'chibokosi chachitali ngati kabati ya mbale. Kutsogolo kwake kudali galasi longa la wailesi yakanema, kamtengo kowongolera, mabatani, ndi kabowo koponyamo ndalama yachitsulo. Wopanda ndalamayo ankangoima pambali n'kumaonerera anzake.

Nkhani yake idayambira ku America. M'chaka cha 1972 kampani ya Atari, imene adaiyambitsa ndi Nolan Bushnell ndi Ted Dabney, idapanga makina otchedwa Pong. Sewero lake lidali losavuta: timizere tiwiri tikubwezerana kadontho koyera ngati mpira wa tenesi. Makina oyamba adakawaika moyesera m'nyumba ina ya zakumwa mumzinda wa Sunnyvale ku California. Sipadapite nthawi yaitali, mwini malo adaimba lamya kuti makina awonongeka. Al Alcorn, amene adawapanga, atakatsegula adapeza kuti vuto lidali limodzi: mosungira ndalama mudali mutadzaza mpaka pakamwa. Amalonda adadziwa kuti apeza mgodi.

Kenaka mpira udapita ku Japan. M'chaka cha 1978 Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito adatulutsa Space Invaders, sewero la zilombo zotsika kuchokera mumlengalenga zimene wosewera amaziwombera. Zilombo zikamachepa zotsalazo zimaonjeza liwiro, ndipo mtima wa wosewera umagunda motsatira liwirolo. Mu 1980 Toru Iwatani wa kampani ya Namco adapanga Pac-Man, pofuna sewero lopanda mfuti loti ndi atsikana omwe alikonde. Mu 1981 Nintendo idatulutsa Donkey Kong, m'mene mudayambira kuoneka kamunthu ka ndevu za pamlomo kamene pambuyo pake kadatchuka ndi dzina loti Mario. Ndipo mu 1991 kampani ya Capcom idabweretsa Street Fighter II, sewero la nkhonya ndi mateche la anthu awiri, lokhala ndi mabatani asanu ndi limodzi kwa wosewera aliyense.

Ife makinawa tidakumana nawo ku Joni. Malemu bambo athu, Allah awachitire chifundo, adali muadhini pa mzikiti wina mumzinda wa Johannesburg, ntchito imene Amalawi ambiri ochokera ku Mangochi ndi Machinga akhala akuigwira m'dzikomo. M'chaka cha 1992 adatiitanitsa pamodzi ndi mayi, ndipo tinkakhala m'kachipinda kuseri kwa mzikitiwo. Pangodya ya msewu padali kagolosale, kamene kumeneko amakatcha kafe, kogulitsa buledi, mkaka, nyuzipepala ndi tchipisi. Pafupi ndi khomo lake padaima makina atatu, ndipo lililonse la iwo linkadya masenti 20 pa sewero limodzi.

Pamalopo padali malamulo ake osalembedwa. Wofuna kusewera ankaika kandalama kake m'mphepete mwa galasi, ndipo aliyense ankadziwa kuti wotsatira ndani. Pa Street Fighter II wopambana ankakhalabe pomwepo, wogonja n'kupatsa malo wina. Amene waposa onse ankalemba zilembo zitatu za dzina lake pagalasi, ndipo zilembozo zinkakhalapo mpaka wina amupose kapena mwini kafe azimitse magetsi. Lamulo logawa malo okhala potengera khungu lidali litangothetsedwa mu 1991, ndipo akuluakulu adali akuyang'anizanabe ndi diso lokayika. Koma pamakinapo tinkapanikizana mapewa ana a Amwenye, a Azulu, a Asotho, mwina ndi a Azungu omwe. Ife Chizulu sitinkachidziwa, Chingerezi chathu chidali cha Sitandade 5, koma tsiku limene tidagonjetsa mnyamata wamkulu pogwiritsa ntchito Blanka, chilombo chobiriwira chija, tidabwerera kunyumba tili ndi anzathu anayi. Tikamati timawakumbuka masiku amenewo, kwenikweni timakumbuka phokoso la anzathuwo.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tisakunamizeni kuti zonse zidali zoyera. Masenti 20 aja sitinkawatola pansi. Mayi akatituma buledi, chenji chinkathera m'kabowo kaja, ndipo pobwerera tinkanena kuti buledi wakwera mtengo. Anyamata akuluakulu adayamba kubetcherana, wogonja kulipira wopambana, ndipo ife tidalowa nawo osadziwa kuti imeneyo ndi juga. Ku madrasa tidayamba kufika mochedwa, Sura yoloweza ili theka.

Tsiku lina Lachinayi tidali titagonjetsa anthu atatu motsatizana pamene adhana ya Asr idamveka. Mawuwo adali a bambo athu enieni, akuitana anthu a m'dera lonse, pamene mwana wawo adali pamtunda wa nyumba zisanu zokha akumenya mabatani. Tidati timalize kaye kamodzi. Kamodziko kadabala kena, ndipo pamene tinkatembenuka dzuwa lidali litapendekeka, bambo ataima pakhomo la kafe manja ali kumbuyo.

Anzathu adabalalika ngati mbalame. Tidayembekezera khofi, koma bambo adangoyandikira makinawo n'kuwayang'ana kwa kanthawi. "Iwe, chimene chakulepheretsa kumva mawu anga ndi chimenechi?" Tidayankha chapansipansi kuti, "Inde, Ababa." Adapisa m'thumba la mkanjo, natulutsa masenti 20, nati tiwaonetse kaseweredwe kake. Sadathe ngakhale mphindi imodzi. Adaseka pang'ono, kenaka adati, "Ndaona. Chinthuchi adachipanga kuti chikugonjetse msanga ndi cholinga choti uponyenso ina. Ndalama yanga yapita, sindikudandaula. Nanga Asr yako ukaiombola ndi ndalama zingati?"

Usiku umenewo tidaulula za chenji cha buledi. Chigamulo chidali chakuti tisese mzikiti ndi kutsuka malo opangira wudhu kwa mwezi wathunthu, tikapepese kwa mayi, ndipo kubetcha kutheretu. Chodabwitsa n'chakuti kusewera sadatiletse. Loweruka lililonse tikatha madrasa ankatipatsa tindalama tiwiri ta masenti 20, ndi lamulo limodzi: adhana ikamveka, sewero lithere pomwepo ngakhale tikupambana.

Bambo adanena zoona. Makinawo phindu lawo lidali pa kutha msanga kwa sewero, n'chifukwa chake ankalimba mwadala wosewera akamapita patsogolo. Ngakhale Pac-Man ali ndi malire ake: pa gawo la 256 theka la galasi limasokonekera ndipo palibe amene amapitirira, kotero kuti mapointi ochuluka amene munthu angapeze ndi 3,333,360. Madandaulo a makolo sadayambenso lero. Sewero la Mortal Kombat litatuluka mu 1992, magazi ake adautsa mkangano mpaka aphungu a nyumba ya Senate ku America adakhalirapo pansi mu December 1993, ndipo mu 1994 kudakhazikitsidwa bungwe la ESRB loika chizindikiro cha msinkhu woyenera pa sewero lililonse.

M'chaka chomwecho cha 1994 kampani ya Sony idatulutsa PlayStation ku Japan. Makina a m'nyumba atayamba kufanana mphamvu ndi a ku kafe, zibokosi zija zidayamba kuchepa m'magolosale, ndipo pambuyo pake foni ya m'manja idadzamaliza zotsalazo.

Tikayang'ana m'mbuyo timaona kuti makina akale adali ndi mipanda itatu imene inkatiteteza ife osadziwa. Mpanda woyamba, ndalama inkatha, ndipo ikatha sewero latha. Wachiwiri, kafe ankatseka madzulo, ndipo aliyense ankapita kwawo kukagona. Wachitatu, tinkasewera poyera. Munthu aliyense wodutsa ankationa, ndipo popeza mwana wa mnzako ngwako yemwe, nkhani inkafika kunyumba ife tisadafike. Foni ilibe mpanda ndi umodzi womwe. Masewero ambiri ndi aulere, satseka, ndipo amalowa ndi mwana m'bulangeti mpaka nthawi ya Fajr. Bambo athu adayenda nyumba zisanu n'kutipeza. Kholo la lero mwana lili naye m'chipinda chimodzi, koma silidziwa kumene ali.

Nkhaniyi si yongopeka ife. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuti kukodwa ndi masewero a pakanema, kufikira munthu kulephera sukulu, ntchito ndi kukhala bwino ndi abale, kuikidwe m'ndandanda wa matenda. Mu 2018 akuluakulu oona za juga ku Belgium adagamula kuti timabokosi ta mwayi timene osewera amagula ndi ndalama m'masewero ena, osadziwa chimene chili m'katimo, ndi juga. Kuno kwathu tonse tikuona momwe kubetcha pa mpira ndi masewero ena a mwayi kwalowera m'mafoni. Mwana amene wazolowera mawu oti "kamodzi kokha" pa sewero laulere, mawa adzawanenanso ali ndi ndalama ya fizi m'manja.

Chisilamu sichidana ndi kusangalala. Mabuku a Hadith amatiuza kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adachitapo mpikisano wothamanga ndi mayi Aisha (R.A.), ndiponso adawalola kuonerera anthu a ku Habasha akusewera ndi mikondo mumzikiti. Koma Qur'an, mu Sura Al-Maida ndime 90 ndi 91, idaletsa juga poyera pamodzi ndi mowa, ndipo idatchula zipatso zake: udani, chidani, ndi kutchinga munthu kukumbukira Allah ndi kuswali. Mashehe ambiri amaphunzitsa kuti sewero ndi lololedwa ngati mulibe kubetcha, mulibe zolaula, ndipo silikulanda nthawi ya swala kapena udindo wina. Muyeso umenewu ndi umene bambo athu adatipatsa pakhomo la kafe, ngakhale sadatchule buku.

Tsono makolo anzathu, mipanda imene idagwa ija tiyimike tokha. Choyamba, khalani pansi musewere naye mwanayo ngakhale kamodzi, monga adachitira bambo athu. Mudzagonja, iye adzaseka, koma mudzadziwa chimene chili m'katimo, ndipo mawu anu adzalemera. Chachiwiri, ikani nthawi yodziwika, homuweki ndi madrasa zitatha, ndipo adhana ikhale belu lotsekera. Chachitatu, foni isagone m'chipinda cha ana. Igone kwa makolo. Chachinayi, nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni musampatse mwana, ndipo sewero lililonse lofuna kuika ndalama kuti upate ndalama lichotsedwe lero lomwe. Chachisanu, aseweretseni pamodzi ndi anzawo pabalaza, poyera, ndipo bawo ndi mpira zisafe pakhomo. Kuongola mtengo mpoyamba. Nafenso tidziyang'ane: bambo amene amafika kumzikiti swala ili pakati chifukwa cha WhatsApp alibe pakamwa podzudzulira mwana.

Ku Mangochi kuja tidasewera ndi mwana wa mlongo wathu mosinthana, mayi ake akutiseka kuti amalume abwerera ku umwana. Tidali pa gawo lachisanu, mizukwa itatipanikiza pakona, pamene adhana ya Asr idamveka kuchokera kumzikiti wa pafupi. Mwana adati, "Amalume, malizani kaye, mwatsala pang'ono." Tidaika foni patebulo sewero lili m'kati, ndipo tidamugwira dzanja kupita kukapanga wudhu. M'njira tidamufotokozera za agogo ake, za kafe ya ku Joni, ndi za masenti 20 amene adaponya tsiku lija.

Allah atipatse ana omvera, ndipo ife atipatse nzeru ndi kuleza mtima powalera. Tikumanenso m'kope lotsatira, Insha Allah.